Tebulo la Kulikonse

Peñalta, 12 Seputembala

Mwana wanga Almudena,

Landira moni wochokera kwa ine bambo ako, Saturnino. Ife kuno tadzuka, kaya iwe ku Valencia kumeneko. Dzanja ukulionali si langa. Akulemba ndi a Herminia a kuseri kwa tchalitchi, aja anali ndi golosale. Ndawauza kuti alembe zokhazo zikutuluka m'kamwa mwanga, asathiremo mchere wawo. Akamaliza andiwerengera mokweza kukhutu lakumanjali, lomwe likuyesako kumva. Sukulu ndinaisiya ndili wamng'ono, koma munthu akamadumpha mzere ndimamuonera m'maso.

Foni usavutike nayo. Ndinaizula pakhoma. Ine sindimva, ndipo amayi ako ikalira imawadzidzimutsa.

Nkhani ndi iyi. Lamlungu pabwalo la tchalitchi, Cosme wa m'mudzi muno uja anandifunsa anthu ali pomwepo kuti, "Saturnino, mwana uja unamugulitsira nkhosa zako zonse kuti aphunzire, akuti akupukuta matebulo m'kafe ku Valencia?" Wamakalata ndiye anamuuza, poti anaona keyala imene timalemba pa envelopu. Ine ndinati, "Cosme, mwana wanga sapukuta tebulo. Ena ndi amene amamupukutira." Anthu anaseka. Koma nditafika kunyumba ndinapeza kuti zimene ndinayankhazo sindikuzidziwa. Ngati ukupukutadi, nena. Ntchito ndi ntchito. Amayi ako anakulira m'bala la bambo awo akuperekera vinyo, ndipo ndinawakwatira ndikuona.

China. Pa Isitala paja unanena liwu limene landikhala m'mutu. Unati ntchito yako ungagwirire kulikonse. Ine ntchito ya kulikonse sindinaionepo. Nkhosa zinkafuna phiri, tirigu ankafuna munda. Tandiuza bwinobwino, kulikonse kumeneku kumafuna chiyani?

Amayi ako akupereka moni.

Ndine bambo ako,
Saturnino

Valencia, 21 Seputembala

Okondedwa Bambo,

Kalata yanu yandiseketsa mpaka anthu a tebulo linalo anatembenuka. Muwauze a Cosme kuti agone tulo. Sindipukuta matebulo. Ndimajambula mapulani a mapaipi a madzi a nyumba zikuluzikulu, ndipo kampani yake ili ku Holland. Mabwana anga ndimaonana nawo pa kompyuta basi.

Chipinda chimene ndimagona ndi chaching'ono, cha mdima, ndipo m'nyumbamo tilimo anayi. Ndimasamukasamuka, n'chifukwa chake ndinapempha eni kafe kuti azindisungira makalata. M'mawa ndimanyamula kompyuta yanga n'kukakhala pa tebulo la pawindo mpaka madzulo. Ndi malo achete, odzaza maluwa. Saphika zamafuta, sagulitsa nyama, shuga kulibe. Chiyambire kudya kumeneko, m'mimba muja munkandivuta mwasiya.

Mwafunsa zimene kulikonse kumafuna. Ndi zinayi zokha: tebulo, soketi ya magetsi, intaneti yosadukaduka, ndi khofi. Zimenezi zikakhalapo, ngakhale kumwezi ndikhoza kugwira ntchito.

Koma Bambo, foni mwaizuliranji? Ndimafuna kumva mawu a amayi. Ndikutumizireni ina yokweza mawu? Amayi akutani masiku ano, akusokabe? Muwapsompsone m'malo mwanga. A Herminia, zikomo chifukwa chopirira nawo akuluwa.

Mwana wanu,
Almudena

Peñalta, 18 Okutobala

Almudena mwana wanga,

Moni. Ndinafika bwino dzulo, basi sinandisiye. Foni ina usatumize.

Unadabwa kundiona pakhomo la kafe yako. Ndinakuuza kuti ndinabwera kudzaonetsa kachipangizo kanga kothandiza kumva. Tiyeni tinene kuti zinali choncho.

Poti sitinapeze mpata wocheza, ndikuuze zimene ndinaona. Ndinakuona pawindo, zomvera zili m'makutu, ukulankhula ndi timitu ta anthu tili m'timabokosi pa galasi la kompyuta. Unavula cha khutu limodzi, n'kundipsompsona, n'kunena kuti, "Bambo, mukanandiuza! Khalani apo pang'ono." Kenaka unakweza chala chimodzi. Chala chimenecho ndimachidziwa. Ndi chimene ndinkakukwezera uli mwana ukamandisokoneza ndikuwerenga nkhosa pakhomo la khola.

Ndinakhala. Panabwera mtsikana wa ndolo pamphuno. Ndinati, "Khofi wamkaka, mayi."

Akuti, "Mkaka uti, agogo?"

Ndinati, "Kodi ulipo ungati? Wa ng'ombe."

Akuti, "Wa ng'ombe sitisunga. Ulipo wa avena."

Ndinati, "Mayi, avena ndi mbewu, ndailima moyo wanga wonse, ndinkadyetsa nyulu. Sindinamuonepo bere."

Anaseka mpaka kugwira pamimba, n'kubweretsa. Ndinamwa. Sindinafe.

Nditatulutsa nyama youmitsa ija ndinakutengera, mtsikanayo anabwera n'kunong'oneza, ndipo poti sindimva anachita kubwereza mokweza, kuti m'menemo nyama satsegula. Anthu onse anandiyang'ana. Ndinaikulunganso. Ndabwera nayo, ili pamsomali.

Sindinangokhala chabe. Ndinayeza tebulo ndi dzanja, m'litali ndi m'lifupi. Ndinaona pamene pali soketi. Ndinaona kumene dzuwa limalowera. Ndinaonanso kuti munali anthu ambiri, aliyense ndi galasi lake, palibe wolankhula ndi mnzake. Ndinadzifunsa kuti kodi kuli maliro? Koma iwe unkaoneka wokhazikika, ndipo zimenezo zinandikwanira.

Ndinali ndi mawu. Koma timitu tija tinali tisanamalize, ndipo basi ya kuno ndi imodzi, sidikira munthu. Nditaimirira unanditsanzika ndi maso. Palibe kanthu.

Amayi ako akupereka moni.

Bambo ako,
Saturnino

Valencia, 26 Okutobala

Bambo,

Kalata yanu ndaiwerenga katatu, ndipo nthawi zonse ikundiluma malo amodzimodzi. Pepani chifukwa cha tsiku lija. Unali msonkhano umene ndinaukonzekera mwezi wathunthu. Mukanangondidziwitsa ndikanausuntha. Koma inu simuuza munthu, mumangotulukira ngati mvula ya matalala, kenaka n'kulemba kalata yoti "palibe kanthu" pamene kanthu kadzaza tsamba lonse.

Ndikudziwa mmene mumaonera ntchito yanga. Kwa inu munthu amene sanatuluke thukuta sanagwire ntchito. Mwaseka mkaka, mwaseka anthu, mwati kuli maliro. Anthu amenewo akudzidyetsa okha, Bambo, ngati mmene munkachitira inu ndi nkhosa.

Mwati munali ndi mawu. Ngati ndi za kupha nkhumba mu Disembala, mukudziwa kuti nyama ndinasiya, ndipo chaka chatha ndinakhala masiku atatu aliyense akundinena. Chaka chino ntchito yachuluka. Ndidzabwera kukayamba kufunda, ndidzakhala sabata yathunthu. Ngati ndi mawu ena, nenani. Sindine wolosera.

Amayi andilembereko okha ngakhale mizere iwiri. Dzanja lawo ndalisowa.

Almudena

Peñalta, 24 Novembala

Mwana wanga,

Moni. Kuno kwayamba kuzizira, mapiri ayera nsonga ndi chipale chofewa. Kalata yako yaukali ndinaimva. A Herminia anaiwerenga ndi mawu okoma, koma ndinawauza kuti abwereze mmene inalembedwera. Sindinakuseke. Munthu sayeza ndi dzanja chinthu chimene akuchinyoza.

Tsopano tamvera. Chipinda chakumaso chija, munali makina osokera a amayi ako, ndachikonza. Makina ndawasunthira kukhonde lakuseri. Ndapala tebulo ndi matabwa a mtengo wolimba aja ndinkasungira bokosi langa la maliro. A Herminia akuti ndisanene zimenezo. Lembani, mayi, matabwa ndi anga. Muyezo wake ndi womwewo wa ku Valencia, sunaperewere ngakhale chala. Ndaliika pawindo, dzuwa la m'mawa limagwera kumanzere ngati kuja.

Soketi yaikidwa mmunsi mwake. Anabwera munthu wa intaneti kuchokera ku tauni ya Teruel, anakwera padenga, n'kusiya kabokosi kothwanima. Ndinamufunsa kuti, "Kodi imeneyi idukaduka?" Akuti, "Madala, imeneyi ngakhale nduna ilibe." Ndinamuuza kuti ikaduka ndimutsatira kwawo. Maluwa a amayi ako a m'zitini ndawalowetsa onse, azungulira tebulo.

Mkaka uja ndauphunzira. Umaviika avena usiku, m'mawa n'kusinja, n'kusefa ndi kansalu. A Herminia analawa, akuti ukukoma ngati madzi otsukira mbale. Ndinati ndiye kuti ndakhoza, chifukwa wa ku Valencia unkakoma choncho.

Za nkhumba usade nkhawa. Chaka chino sitipha. M'nyumba simudzamveka fungo la nyama, ndipo palibe adzakunene.

Unati zinthu ndi zinayi. Ndawerenga pa zala, zakwana. Unati zikakhalapo ngakhale kumwezi ukhoza kugwira ntchito. Peñalta ili pafupi kuposa mwezi. Sindikukuitana, ndiwe munthu wamkulu. Ndikungokudziwitsa kuti kulikonse kwina kwatseguka kuno, ndipo tebulo lake palibe akulikhalira.

Amayi ako dzanja likuwawawa, n'chifukwa chake sanalembe. Akupereka moni.

Bambo ako,
Saturnino

Peñalta, 25 Novembala

Almudena,

Ndine Herminia. Iyi ndi yanga, bambo ako sakudziwa. Anandilumbiritsa pamaso pa chithunzi cha malemu amuna anga kuti sindidzanena, ndipo ndikuswa lumbirolo. Mulungu andiweruze yekha.

Amayi ako dzanja silikuwawa. Mutu ndi umene ukuchoka. Zinayamba chaka chatha pang'onopang'ono, pa Isitala anabisa bwino, koma kuyambira mwezi wa Ogasiti zikuthamanga. Adokotala a ku Teruel anati sizibwerera. Kusoka anaiwala. Zokometsera soseji zija ankadziwa okha m'mudzi muno anaiwala, n'chifukwa chake nkhumba kulibe. Foni bambo ako anaizula kuti usamve.

Masiku ambiri amadziona ngati ali mtsikana m'bala la bambo awo. Amamanga epuloni n'kumafunsa aliyense wolowa kuti amwa chiyani. Ine amanditcha "mayi a golosale". Bambo ako tsiku lina amawadziwa, tsiku lina amawapatsa kapu ya vinyo n'kuwauza kuti asachedwe, akazi awo akuwadikira. Akuluwa amamwa n'kunena zikomo.

Koma iwe akukudziwabe. Akaona chithunzi chako cha pa kabati amati, "Almudena wanga sanaweruke kusukulu?" Dzina lako ndi limene latsala. Sindikudziwa likhala mpaka liti.

Ku Valencia kuja bambo ako anabwera kudzakuuza zimenezi. Amayi ako ndinatsala nawo ine. Atabwerera ndinawafunsa kuti, "Mwanena?" Akuti, "Mwana ali pa ntchito, sungamuthire zimenezi pa tebulo la eni ake. Ndimupangira lake." Ndinati, "Saturnino, ndinu nyulu." Akuti, "Nyulu imafika."

M'makalata awo sindingathe kuikamo kanthu. Kuwerenga sadziwa, koma dzina la amayi ako loti Fidela amalidziwa maonekedwe ake, ndipo amayendetsa chala mzere uliwonse kulifunafuna. Iwe bwera, usadikire kufunda.

Herminia

Peñalta, 15 Januwale

Almudena,

Moni wa chaka chatsopano. Khadi lako la Khirisimasi linafika, la mizere iwiri. Zikomo. Za tebulo silinatchule, ndiye ndamva yankho. Sindibwerezanso.

Kabokosi kaja kakuthwanimabe. Ndimakasiya koyaka, poti munthu uja anati kukazimitsazimitsa kumakawononga. Maluwa awiri afa ndi chisanu. Mkaka ndinasiya kupanga, unkangotayika.

Cosme anadutsa n'kusuzumira pawindo. Akuti, "Saturnino, watsegula kafe? Makasitomala ali kuti?" Ndinati, "Malo ano ndi osungitsa, si a anthu wamba ngati iwe."

A Herminia akulira, kaya n'chiyani chawalowa m'maso. Akuti ndiwonjezere mawu. Ndilibe owonjezera. Uzivala zofunda.

Amayi ako ali pompano.

Bambo ako,
Saturnino

Valencia, 6 Malichi

Bambo, ndi inu a Herminia,

Makalata atatu ndawalandira lero, onse pamodzi. Kumapeto kwa Novembala eni kafe ija anaika lamulo loletsa makompyuta, akuti tinkadzaza matebulo tsiku lonse ndi kapu imodzi. Ndinakwiya n'kusamukira kafe ina, osapondakonso. Keyala yatsopano ndinaiwala kukupatsani. Ndinkaganiza kuti mwakhala chete chifukwa cha kalata yanga yaukali ija, ndipo ndinati muyambe ndinu. Ndinatengera inu, Bambo. Lero ndinakumana ndi mtsikana wa ndolo uja pamsewu, n'kundiuza kuti, "Agogo a nyulu aja akhala akukulemberani."

Ndawerengera pa benchi ya pamsewu. Sindikutha kulemba zambiri. Ndikwera basi ya Loweruka. Mwina ndifika kalatayi isanafike.

Muwauze amayi kuti Almudena waweruka kusukulu.

Mwana wanu

Peñalta, 9 Epulo

Mwana wanga Almudena,

Moni. Ndikhulupirira unafika bwino ku Valencia. Keyala yatsopano a Herminia aikopera bwino. Za kalata yawo yakuseri ija takambirana. Ndinawakalipira, iwo anandikalipira kuposa, ndiye tafanana. Lero ndawauza kuti dzina loti Fidela alilembe paliponse pamene ndalitchula.

Unachoka m'mawa osadya, maso ali otupa. Unati kuntchito akukufuna. Sindinatsutse, ngakhale tonse tikudziwa kuti ntchito yako ndi ya kulikonse.

Tsiku unafika ndinaona zonse ndili pakhomo. Ndinaona utatambasula manja, Fidela n'kupukuta manja ake pa epuloni n'kukufunsa kuti, "Takulandirani, mayi. Mumwa chiyani?" Ndinaona ukuwagwira mapewa n'kumabwereza kuti ndiwe mwana wawo, iwo n'kuthawira kumbuyo kwanga. Ndinakuona ukulira kuseri kwa khola. Sindinabwere. Munthu akamalira wabisala, umamusiyira ulemu wake.

Unandifunsa mokweza, kuti ndimve ndithu, chifukwa chimene sindinanenere. Ndinanena, mwana wanga. Ndinanena ndi matabwa. Chilankhulo china sindinaphunzire. Amayi ako analisunga dzina lako mpaka chisanu chili pafupi kutha. Mu Febuluwale analifunsa komaliza, kenaka chithunzi chija anayamba kuchidutsa ngati kalendala.

Koma pali zimene sunaone, n'chifukwa chake ndikulemba. Masiku aja unakhala pa tebulo n'kutsegula kompyuta chifukwa chosowa pothawira, Fidela anali wina. Sanayendeyende m'nyumba kufunafuna chitseko. Ankayenda monyang'ama kuti asakusokoneze. Ine ndikatsokomola ankandikwezera chala. Mkaka wa avena ankasefa okha, ndipo ukati zikomo ankabwera kukhitchini nkhope ikuwala. Usiku ankagona tulo mpaka kucha, zimene sanachite chiyambire Ogasiti.

Chichokere iwe, m'mawa uliwonse amamanga epuloni, n'kutenga kansalu, n'kupukuta tebulo lako. Amaika kapu. Kenaka amaima pawindo. Dzulo anandifunsa kuti, "Bambo inu, mayi wa kompyuta uja sabweranso?"

Ndinati, "Abwera."

Akuti, "Ndi mwana wa ndani ameneyu?"

Ndinati, "Wa anthu ena a konkuno."

Akuti, "Analeredwa bwino. Amayi ake ayenera kuti amanyada."

Ndinatuluka panja kukayang'ana nkhuni.

Paja ndinamuuza Cosme kuti mwana wanga sapukuta tebulo, ena ndi amene amamupukutira. Ndinkangodzitama. Sindinadziwe kuti wopukutayo adzakhala ndani.

Sindikulonjeza kuti adzakudziwa. Adokotala akuti ayi, ndipo ine ndasiya kukangana ndi adokotala. Mwana wawo sakumudikiranso. Akudikira kasitomala wawo mmodzi yekhayo. Ukalowa usawauze kuti ndiwe ndani, zimawaopsa. Ungopereka moni, n'kukhala pawindo, n'kuitanitsa khofi. Ndikudziwa kuti n'zowawa. Ine ndakhala ndikumwa vinyo wa mlendo m'nyumba yanga yomwe kuyambira chaka chatha, ndipo ndikuuze, dzanja limene likukupatsa kapuyo ndi lomwe lija.

Moyo wanga wonse sindinapemphepo munthu kanthu. Ndawauza a Herminia kuti liwu lotsatirali alilembe palokha, asalikongoletse, ndipo andisonyeze ndi chala kuti ndilidziwe maonekedwe ake.

Bwera.

Avena ndaviika kale.

Ndine bambo ako,
Saturnino